Kodi "animosity" ndi mkwiyo, chidani, kapena khalidwe la nyama?

Funso: Ndine mayi, mlembi wa komiti ya sukulu ya pulayimale kwathu kuno. Pamsonkhano wathu wapitawu aphunzitsi aakulu ndi wapampando anakangana kwambiri pa nkhani ya ndalama zogulira malata a buloko yatsopano. Polemba maminitsi m'Chingerezi ndinalemba kuti "there was animosity between the head teacher and the chairman". Aphunzitsi aakulu atawerenga anakhumudwa, akuti ndawayerekezera ndi nyama poti mawuwa akuchokera ku "animal". Wapampando akuti palibe cholakwika. Kodi mawuwa amatanthauzanji kwenikweni, anachokera kuti, nanga ndinalakwitsa?

Yankho: Mayi mlembi, khazikani mtima pansi, aphunzitsi aakuluwo simunawatche nyama. Koma musafulumire kukondwera. Chifukwa chimene apereka n'cholakwika, kudandaula kwawoko kuli ndi pogwira. Zimene mwalemba m'buku la komiti, buku loti adzawerenga ngakhale anthu odzalowa m'malo mwanu, n'zakuti akuluakulu awiriwa amadana. Simunalembe kuti anakangana tsiku limenelo ayi, mwalemba kuti amadana. Ngati nkhani yonse inali ya malata basi, mwatengera nkhwangwa pa ntchito yofuna lezala.

M'Chingerezi cha masiku ano, "animosity" ndi chidani chotentha chimene munthu ali nacho pa mnzake kapena pa gulu la anthu, chidani chomwe chakhalitsa ndipo chikukanika kubisika. Chimatulukira m'kayang'anidwe, m'kayankhidwe, m'moni wongoponya munthu akuyang'ana kumbali. Samuel Johnson, amene anatulutsa dikishonale yake yotchuka ku London mu 1755, anati mawuwa amanena za chidani champhamvu, n'kuwonjezera mfundo imene ine ndimaona kuti ikugwirabe mpaka lero: amaloza mtima wokonzeka kuphulika, osati kuphulika kwenikweniko. Choncho zibakera pazokha si "animosity", kutukwanizana pamsonkhano si "animosity". Izo zikhoza kukhala zotulukapo zake, koma iyoyo imakhala pansi, ngati moto wa m'dzala la makoko a mtedza: pamwamba phulusa lokhalokha, ukapondapo ndiye umadziwa.

Tiyerekeze muli pamaliro kumudzi, kuseri kwa nyumba kumene amayi akuphika. Pagulupo pali amayi awiri oyandikana nyumba amene analimbirana malire a munda zaka zisanu zapitazo. Palibe akukweza mawu. Koma wina akapempha chipande, mnzakeyo amachiika pansi m'malo momupatsira m'manja. Pogawa ndiwo, mbale yopita kubanja la mnzakeyo imalandira msuzi ndi mafupa. Wina akaseka, winayo amatseka pakamwa n'kuyamba kusonkhezera moto umene ukuyaka kale bwinobwino. Aliyense pamafuwapo akudziwa kuti awiriwa samwerana madzi, ndipo pogawana ntchito amawaika motalikirana, osanena chifukwa. Mngelezi atakhala pamenepo anganene kuti "you could feel the animosity". Tsono zungulirani kutsogolo, pansi pa mtengo wa mango tsiku lina lililonse, pomwe abambo awiri akusewera bawo ndipo wina akuti mnzake wabera. Phokoso, kulozana zala, oonerera kuleretsa. Dzuwa likamapendeka mukuwapeza akumwera thobwa chikho chimodzi. Umenewo ndi mkangano, "quarrel" kapena "argument". Phokoso lake ndi lalikulu kuposa la amayi aja, koma mulibemo "animosity". Funso lanu lonse lagona pamenepa: zimene munaona pamsonkhano zinali za pabawo kapena za pamafuwa?

Tsopano za nyamazo. Khutu la aphunzitsi aakulu silinawanamize kwathunthu. "Animal" ndi "animosity" ndi apachibale, koma ndi asuwani, wina si mwana wa mnzake. Chilatini, chinenero cha Aroma akale, chinali ndi mawu awiri ofanana ngati mapasa. Ena ndi "anima", kutanthauza mpweya umene timapuma, kenakonso moyo. Ena ndi "animus", kutanthauza mbali ya munthu imene imaganiza, imafuna, imalimba mtima ndi kupsa mtima. "Animal" anatuluka mwa "anima", ndipo poyambirira anangotanthauza chamoyo chopuma, munthu ali momwemo. "Animosity" anatuluka mwa "animus". Akatswiri a mbiri ya zinenero amati onse awiri anachokera ku muzu umodzi wakale kwambiri wotanthauza kupuma, womwenso unabala mawu a Chigiriki akuti "anemos", mphepo. Aphunzitsi aakulu mawu amenewa amawadziwa bwino ngakhale mwina sanawalumikize: kachipangizo ka makapu ozungulira kamene a zanyengo amayezera liwiro la mphepo, kamene ana amajambula m'makope, dzina lake ndi "anemometer". Ndiye ngati mwawayerekezera ndi kanthu, mwawayerekezera ndi mphepo mofanana ndi momwe mwawayerekezera ndi nyama, kutanthauza kuti simunatero konse.

Chomwe chimandikoma ine pa mbiri ya mawuwa n'chakuti poyamba anali mawu otamanda. Kuchokera ku "animus" Aroma anapanga "animosus", munthu wodzala ndi mtima, wolimba, wosaopa. Ankanenanso zomwezo za hatchi yamphamvu yosachedwa kudumpha. Kuchokera apo kunabwera "animositas", kulimba mtima. Afalansa anawatenga n'kuwapanga "animosité", ndipo analowa m'Chingerezi cha m'zaka za m'ma 1400 akadali ndi tanthauzo la mphamvu ndi kulimba mtima. Mukanalemba maminitsi anu nthawi imeneyo kuti aphunzitsi aakulu anaonetsa "animosity", bwenzi akukuthokozani. Tanthauzo la chidani linayamba kuonekera bwino cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ndipo kwa kanthawi matanthauzo awiriwa anayenda limodzi. Dokotala wina wa ku Norwich, Thomas Browne, polemba mu 1658 za Cato, Mroma amene anasankha kudzipha ku Utica mu 46 BC m'malo mogonjera Julius Caesar, anati munthuyo anatha mbali ina ya usiku akuwerenga buku la Plato, katswiri woganiza wa Chigiriki, kuti alimbitse dzanja lake lonjenjemera kufikira "the animosity of that attempt". Apo Browne sankanena za chidani, ankanena za kulimba mtima kofunika pa chinthu choopsa chotero. Patangopita zaka zosakwana 100, Johnson uja polemba dikishonale yake, tanthauzo lomwe anapereka linali la chidani.

Nanga kulimba mtima kumasanduka bwanji chidani? Kwa wolankhula Chichewa izi siziyenera kudabwitsa, chifukwa tili ndi mawu athu oyenda njira yomweyo: ukali. Msilikali waukali kunkhondo timamutama. Galu waukali timamusunga dala kuti alonde pakhomo. Koma bambo waukali pakhomo ana amathawa akamva kukhosomola kwake, ndipo mawu aukali amapasula banja. Moto wake ndi umodzi, chasintha ndi amene waulozetsa. Chimodzimodzinso mtima: kulimba mtima, kupsa mtima, mtima wapachala, zonse mumtima momwemo. "Animus" ya Aroma inali chomwecho, nyumba imodzi yogonamo kulimba mtima, kunyada ndi mkwiyo. Ndipo mbewu ya tanthauzo loipali inalimo kale m'Chilatini Angelezi asanawabwereke. Mu Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgate, limene ntchito yake inayambika ndi Jerome cha m'ma 382, pa Ahebri 11:27 pamene ife timawerenga kuti Mose anachoka ku Iguputo osaopa mkwiyo wa mfumu, mawu ake ndi "animositatem regis". Pa 2 Akorinto 12:20, pomwe Paulo akutchula zoipa zimene akuopa kukazipeza mumpingo, pakati pa mikangano, nsanje, miseche ndi kudzitukumula palinso "animositates". Anthu ophunzira a ku England a nthawi imene mawuwa ankasintha tanthauzo ankawerenga Chilatini tsiku ndi tsiku, choncho tanthauzo la mkwiyo silinali lachilendo kwa iwo. Pang'ono ndi pang'ono linameza lija la kulimba mtima, makamaka poti Chingerezi chinali kale ndi mawu ena okwanira ntchitoyo monga "courage" ndi "bravery".

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mawuwa anali atakhazikika m'nkhani za ndale. George Washington, pulezidenti woyamba wa United States, m'kalata yake yotsanzika imene inatuluka m'nyuzipepala ya ku Philadelphia mu September 1796, anachenjeza kuti mzimu wa zipani "kindles the animosity of one part against another". Taonani mneni amene anasankha: "kindles" ndi kukoleza moto. Mpaka lero Angelezi akamanena za "animosity" amakonda aneni a moto: amati wina "fuelled" chidanicho, ngati kuthira mafuta pamoto, kapena "stoked", kusonkhezera. Mawuwa sanataye kutentha kwa makolo awo.

Abale ena a banja lomweli mumakumana nawo pa ntchito yanu yomweyo ya ulembi. Mukalemba kuti komiti inagwirizana "unanimously", mukunena ndendende zimene timanena m'Chichewa kuti ndi mtima umodzi: "unus" ndi chimodzi, "animus" ndi mtima uja. "Magnanimous" ndi munthu wa mtima waukulu, wopambana koma osanyoza amene wagonja. "Equanimity" ndi mtima wosagwedezeka, kuugwira mtima zinthu zikavuta. Palinso "pusillanimous", wa mtima waung'ono, wamantha, mawu amene sindikukulangizani kuwalemba m'maminitsi aliwonse. Ndipo "animus" yemweyo analowa m'Chingerezi payekha osasintha, kutanthauza cholinga choipa kapena chidani chimene chikumuyendetsa munthu pochita kanthu. Ophunzira zamalamulo amakumana naye m'mawu ngati "animus furandi", cholinga chofuna kuba, ndipo ku South Africa ndi ku Zimbabwe, komwe malamulo ake ali ndi mizu ya Chiroma ndi Chidatchi, milandu yoipitsa dzina la munthu imakamba za "animus injuriandi", cholinga chofuna kunyoza. Apo mawuwa angotanthauza cholinga, monga ankatanthauzira kwa Aroma.

Kagwiritsidwe ntchito kake si kovuta. "Animosity" ndi dzina, ndipo lilibe mneni wake. Simunganene kuti wina "animosited" mnzake. Lilibenso mfotokozi wogwiritsidwa ntchito masiku ano, choncho pofuna kunena kuti munthu ali ndi khalidwe lotero amabwereka "hostile". Chidanicho chikachokera mbali imodzi timati "animosity towards" kapena "animosity against" munthuyo. Chikakhala cha mbali zonse timati "animosity between" awiriwo, monga munalembera inu. Galamala yanu inali bwinobwino, vuto linali kulemera kwa mawu. Munthu amati "feels", "bears" kapena "harbours" chidanicho, ndipo mneni womalizayu ndi wokoma chifukwa akutanthauza kusunga kanthu mobisa, monga timanenera kusunga chakukhosi. Pochulukitsa amati "animosities", kawirikawiri "old animosities", maudani akalekale a mabanja, mitundu kapena mayiko amene amadzuka pakachitika kanthu. Mudzaonanso kuti nthawi zambiri mawuwa amabwera pokana. Nduna ikachotsedwa pa mpando, kochi akachotsedwa ntchito, atolankhani akamufunsa amati "I bear him no animosity" kapena "there is no animosity between us". M'Chichewa ndiye kuti ndilibe naye chifukwa, sindikumusungira mangawa. Kaya akunena zoona kaya ayi, imeneyo ndi nkhani ina.

Pa katchulidwe pali msampha wa ife tonse. Chichewa chimakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu, ndiye lilime lathu limafuna kunena kuti animoSIti. Mngelezi amagogomeza pa mphatikizo wachitatu mwa isanuyo: a-ni-MO-si-ty, kufanana ndi "curiosity" ndi "generosity". Mukatchula mwanjira yathu adzakumvanibe, koma ngati mukuwerenga maminitsi pamaso pa aphunzitsi ofuna pokupezerani chifukwa, gogomezani pa MO.

Chingerezi chili ndi mawu ambiri a chidani chifukwa chinatola kuchokera ku zinenero zingapo. "Hate" ndi "hatred" ndi a pakhomo, ochokera ku Chingerezi chakale chenicheni, ndipo ndi mawu osazungulira. Ena ambiri anabwera ndi Chifalansa Anormani, anthu a kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066, kapena anatengedwa m'mabuku a Chilatini pambuyo pake, n'chifukwa chake amamveka a mu ofesi ndi a m'nyuzipepala. Mwana wa Mngelezi sanena kuti ali ndi "animosity" pa mlongo wake, amangoti "I hate her". Mwa mawu a m'mabukuwa, "enmity" ndi udani ngati mkhalidwe wokhazikika pakati pa mbali ziwiri, ndipo ukhoza kukhala wozizira, wongotengera kwa makolo, pomwe "animosity" ndi yotentha ndipo munthu amaimva m'chifuwa. "Hostility" imaonekera m'zochita ndipo ukhoza kuilandira kwa munthu amene sunakumanepo naye, monga kondakitala amene wadzuka molakwika. Pochulukitsa, "hostilities" ndi nkhondo yeniyeni ya mfuti. "Resentment" ndi chakukhosi cha munthu amene akuona kuti anamulakwira kapena kumupondereza, ndipo chikhoza kukhala chobisika kotheratu. "Grudge" ndi mangawa a chinthu chimodzi chodziwika, mbuzi imene sinabwezedwe. "Rancour" anachokera ku mawu a Chilatini a chinthu chovunda, abale ake a "rancid" amene amanenera mafuta oonongeka, choncho ndi chidani chimene chasasa chifukwa chokhalitsa.

Mawu amene atolankhani athu a zamasewera amawasokoneza kwambiri ndi "animosity" ndi "rivalry". Bullets ndi Wanderers zikamakumana ku Blantyre, mzinda umagawikana, Maule uku Manoma uku, kunyozana kuyambira Lolemba. Koma m'nyumba imodzi mumapezeka mkulu wovala zofiira ndi mng'ono wovala zabuluu, ndipo madzulo amadya nsima imodzi, wogonja akungoyang'ana pansi. Umenewo ndi mpikisano, "rivalry". Yerekezani ndi Celtic ndi Rangers ku Glasgow, komwe kulimbana kwa matimu kwakhala kukuyenda limodzi ndi kusiyana kwa Akatolika ndi Apulotesitanti komanso nkhani za ndale za ku Ireland kwa zaka zoposa 100. Kumeneko olemba akanena za "animosity" pakati pa magulu ena a ochemerera sakukokomeza, chifukwa nkhaniyo imapitirira mpira utatha. Mpikisano ukhoza kubala chidani, inde, koma si chinthu chimodzi, ndipo wolemba amene amatcha kulimbana kulikonse "animosity" amatha mphamvu ya mawuwa n'kusowa chonena tsiku limene chidani chenicheni chafika.

Pomasulira m'Chichewa musafune liwu limodzi lokwanira paliponse. "Chidani" ndiye ali pafupi kwambiri, ndipo m'nkhani za m'nyuzipepala amakwana. Pakati pa mabanja kapena mitundu, "udani" amakhala bwino. Koma nthawi zambiri Chichewa chimanena bwino nkhani imeneyi ndi mneni kusiyana ndi dzina: samwerana madzi, saonana ndi diso labwino, akusungirana kampeni kumphasa. Womasulira amene walemba "mkwiyo" waperewera, chifukwa mkwiyo umabwera n'kupita, ndipo mayi amakwiyira mwana wake tsiku lililonse popanda chidani.

Tibwerere ku buku lanu. Ngakhale zitakhala kuti aphunzitsi aakulu ndi wapampando amadanadi, ndipo mudzi wonse ukudziwa, ine sindikanalemba mawuwa m'maminitsi. Mlembi amalemba zimene zinanenedwa ndi zimene zinagwirizanidwa. Za mumtima mwa munthu alibe nazo umboni. Buku limenelo tsiku lina adzaliwerenga alangizi a zamaphunziro kapena owerengera ndalama za chitukuko, ndipo chiganizo chimodzicho chikhoza kusandutsa funso lenileni, loti ndalama za malata zinayenda bwanji, kukhala nkhani ya anthu awiri odana. Mwina n'chifukwa chake wapampando sakuonapo vuto, koma izo ndisiye. Ngati mukufuna kuonetsa kuti kukambiranako kunatentha, lembani kuti "there was a heated discussion on the money for iron sheets", kapena "the head teacher and the chairman disagreed sharply on the matter". Kuposa apo, lembani zimene aliyense ananena: aphunzitsi aakulu anati ndalama zinagwiritsidwa ntchito motere, wapampando anapempha malisiti, komiti inagwirizana kuti nkhaniyo ibwerenso pamsonkhano wotsatira. Kukonza kwake n'kosavuta. Pamsonkhano ukubwerawu, pa ndime yowerenga ndi kuvomereza maminitsi, nenani nokha kuti mukupempha kusintha chiganizo chimenecho, werengani chatsopanocho, mamembala avomereze, mudule chakalecho ndi mzere umodzi woti chizionekabe, ndipo wapampando asayine pambali.